Tsiku Limene a Cosmas Anakana Kugwa

A Cosmas Nyirenda a ku Katawa ndi mmisiri wokhoma malata. Akhala akukwera madenga a mu Mzuzu kuyambira ali mnyamata, ndipo pantchito sanagwepo. Kugwa anakuyambira m'mafilimu.

Anawalowetsamo ndi mayi Marjorie Phiri, mphunzitsi wochokera ku Zomba, amene amajambula timafilimu ta achinyamata a kutchalitchi. Anawaona tsiku lina ali pamwamba pa holo ya mpingo, ndevu zili nyankhalala, misomali ili kukamwa, n'kunena kuti nkhope ya chigawenga aipeza.

Mufilimu yoyamba a Cosmas anali bwana wolanda nyumba za ana amasiye, ndipo anagwa padenga la sitolo. Mu inzake anali mneneri wogulitsa madzi a pampopi kuti ndi odalitsidwa, anagwa mumtengo wa bulugama. Pansi ankawayalira matiresi obwereka ku Salisbury Lines, ena onunkha mkodzo wa ana.

Mafilimuwo anafalikira pamafoni. Kumsika amayi a nthochi ankawalozerana, anyamata a njinga zamoto n'kumakuwa kuti, "Adada, lero mugwera kuti?" Akazi awo, a Jenet, anayamba kumatsalira m'mbuyo popita kutchalitchi.

Tsiku lina a Cosmas anafunsa.

"Amayi, bwanji ine ndimangogwa? Davie ali ndi manja, osangondimenya bwanji?"

Davie anali mnyamata wa kwaya amene ankasewera munthu wabwino.

"Davie akufunsira mwana wa mkulu wampingo," anayankha mayi Phiri. "Akapha munthu, ngakhale mufilimu, ukwati watha. Mukaterereka nokha, iye amangosuzumira pansi n'kupukusa mutu, manja ali oyera."

"Ndiye andimange basi."

Mayiwo anaseka mpaka kukhosomola. "Munthu wachuma ngati amene mumasewerayo? Owonera akudziwa kuti mawa lake akumana naye pa depoti akudya chipisi. Nthaka yokha ndiyo siilandira ya fanta, bambo. Komanso anthu athu makosi anawawa n'kuyang'ana mabwana m'mwamba. Alekeni awaoneko ali pansi."

"Yewo," anatero a Cosmas, koma sizinawalowe.

Mufilimu yotsatira anali kontilakitala womanga mlatho umene unakokoloka ndi mvula yoyamba. Anakajambulira panyumba yosanja yosamaliza, kukuwaza kamvula kaja kosatha ka mu Mzuzu. A Cosmas anaima m'mphepete atavala jekete, Davie n'kuwaloza chala: "Machimo ako akupeza lero!"

Anayang'ana matiresi onyowa aja. Kenaka anakoka makwerero, n'kutsika mwaulemu ngati akuchokera kuofesi. Anasasa jekete, anabayibitsa Davie, anakwera njinga yamoto imene inkadutsa, ulendo wa ku Katawa. Wojambula sanazimitse kamera.

Mayi Phiri anakalipa, koma mwini nyumba anakana kuwapatsanso tsiku lina, choncho filimu inatuluka momwemo.

Poionetsa muholo, itafika pamapeto, mayi wina wogulitsa kaunjika anaimirira.

"Iyi ndiye yoona chomene!"

Holo yonse inawomba m'manja. Mkulu wampingo yekha ndiye sanawombe. Nayenso ndi kontilakitala, ndipo Lamlungu lotsatira analengeza kuti filimuyo ikusocheretsa achinyamata, isaonetsedwenso. Kuletsako kunachititsa kuti ifike mpaka ku Lilongwe.

Patapita masiku, kunyumba kwa a Cosmas kunafika azibambo ovala masuti, kudzawapempha kuti aime pa ukhansala. Anati anthu awaona kuti ndi munthu wodziwa kutuluka m'mavuto. A Cosmas anali atayamba kale kukonza kolala, koma a Jenet anatulukira pakhomo ndi beseni la madzi otsukira mbale, n'kufunsa alendowo ngati akufuna kutuluka ouma kapena onyowa.

Mayi Phiri anapeza chigawenga china, telala wa pamsika amene amagwa mosafunsa mafunso. A Cosmas anabwerera kumalata. Mwezi uno akufolera nyumba yatsopano ya mkulu wampingo uja, ya zipinda zosanjikizana, ndipo akuti bamboyo akabwera kudzayendera ntchito, amaimira patali ndi khoma, kuopa kuti a Cosmas angamugwere.