Tsiku limene a Wendell anameta ndevu

A Wendell Oxendine anagwira ntchito zaka makumi atatu pa famu ina yofufuza za nkhuku kunja kwa tauni ya Lumberton, koma ntchitoyo sankaitchula kutchalitchi. Ankakama atambala. Ankamupana tambala m'khwapa, kumusisita msana mpaka kumchira, n'kulandira umuna wake m'kabotolo. Manja awo anali zipsera zokhazokha. Mtima nawo unali wapachala kuyambira ubwana, moti mkulu wawo anakalowa m'manda wopanda mano awiri akutsogolo chifukwa cha iwo.

Zipsera zambiri zinali za Dikoni, tambala wakuda bii. Mtundu wake anaulera ndi a Wendell omwewo, mibadwo khumi ndi isanu, nkhuku zonenepa ndi mbatata zotayidwa ndi makoko a mtedza ogaya, zakudya zimene nkhuku zina zinkangozipalasa. Tsiku lina agalu olusa anaboola waya masanasana n'kung'amba atambala onse. Anapulumuka ndi Dikoni yekha, iye ataboola diso la galu mmodzi, pamodzi ndi misoti khumi ndi iwiri. Dokotala Loretta Pridgen, mwini kafukufukuyo, anati umuna wa Dikoni uumitsidwe msanga m'chigubu chozizira, chifukwa iye kungofa, mtundu watha.

Dikoni ankalola kugwiridwa ndi munthu mmodzi basi, wa ndevu zofika pachifuwa: a Wendell. Ngakhale ameneyo ankayamba wamukhadzula kaye. Zikhadabo zake zakumbuyo zinali zotalika ngati chala, ndipo a Wendell ankakana kuzidula poti tambala ukamudula amanyanyala masabata angapo. Ankadana naye, ankamutukwana m'mawa uliwonse, komabe ankamukonda kuposa anthu ambiri.

Loweruka lina mdzukulu wawo ankakwatiwa, ndipo anawachonderera mpaka anameta. Lolemba adokotala anafika ndi chigubu chija.

"Iii, Bambo Oxendine, ndinu nomwe? Ndimayesa kamnyamata kabwera kudzafunsira!"

"Sekani, mayi, sekani. Chibwanochi chikumva mphepo ngati matako a khanda."

A Wendell analowa m'khola akuseka. Dikoni anali atamanidwa chakudya dala kuti asaipitse kabotolo ndi zitosi. Anapendeketsa mutu, anaona mlendo akuwerama, ndipo analumpha. Chikhadabo choyamba chinang'amba tsaya kuchokera pakamwa mpaka kukhutu. Chachiwiri chinalowa m'diso.

Manja sanafunse mutu. Anagwira khosi n'kuzunguza kamodzi, mmene mayi awo ankaphera nkhuku ya Lamulungu. Phwa! Dikoni anagwa pansi, mapiko akumenya utuchi, miyendo ikupalasa m'mwamba.

"Mwatani? Ambuye, mwatani inu?" adokotala anakuwa. "Tiyeni kuchipatala, diso lanulo!"

"Lisiyeni diso. Tsegulani chigubucho."

"Tambala wafa uyu, bambo!"

"Wafa ndi iye. Zam'katimo zikadali moyo. Fulumirani!"

A Wendell anamuponda mapiko ndi mawondo tambalayo akuphiriphithabe, anasolola mpeni wam'thumba, n'kumutumbula kuchokera kumchira. Anakankhira matumbo pambali, otentha, akutuluka nthunzi, mpaka anapeza timitsempha tiwiri toyera m'mbali mwa msana. Magazi amawononga umuna, choncho anagwira ntchito yonseyo atatembenuzira nkhope kumbali, magazi awo akuyenderera paphewa. Ankafinya ndi zala akulira mokweza ngati mwana, kwinaku akumutukwana Dikoni ndi makolo ake omwe.

Anapeza umuna wokwana timapaipi tinayi tosungira m'chigubu. Pofika kuchipatala n'kuti diso litawonongekeratu.

Adokotala anasungunula kapaipi koyamba n'kupatsa misoti. Mazira onse anasukusa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu kanagwira dzira limodzi, koma mwanapiye anafera m'chikoko. Kachinayi palibe amene walimba mtima kukakhudza, ndipo nkhuku zazikazi zija zikukalamba: zatsala zisanu, zoikira zitatu.

A Wendell anapuma pantchito chaka chomwecho. Lolemba lililonse amabwerabe, ndevu zitabwerera pachifuwa, kudzapisa kamtengo m'chigubu kuti aone ngati mankhwala oziziritsa sanaphwe. Sabata yatha adokotala anawapeza ataima pamenepo.

"Bambo Oxendine, nkhukuzi sizidikira. Tisungunule kapaipi kotsala kaja mawa?"

A Wendell anatseka chivundikiro pang'onopang'ono.

"Ndinamupha kale kamodzi, mayi. Kachiwirika mumuphe nokha."