A Miti Asowa Wowapondera Buleki

A Fulansisi Miti amakonza mapikapu akale a dizilo pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba yawo ku Kapata. Chikwangwani alibe. Anali nacho kale, koma anthu a ofesi ina anabwera kudzawauza kuti chikwangwani chimafuna chilolezo. A Miti ataganiza bwino anaona kuti mtengo wa mango sufuna chilolezo, choncho anachizula n'kupangira chitseko cha khola la nkhuku. Makasitomala sanachepe. Munthu amene galimoto yake yakana kulira m'mawa sayenda akuwerenga zikwangwani, amangofunsa pamsika.

Ntchitoyi anaiphunzira ali dalaivala wa dipatimenti ina yoona za ulimi. Masiku amenewo galimoto ikakufera kutchire unkayenera kulemba lipoti, ndipo lipotilo linkayenera kukafika ku ofesi pa galimoto yomweyo. A Miti anaona kuti kuphunzira kukonza n'kwapafupi. Atapuma pantchito anagula pa okushoni pikapu imene ankayendetsa, komiti itagamula kuti yafa. Komitiyo sinalakwitse kwenikweni. Pikapuyo inatuluka pageti mochita kukankha, ndipo mpaka lero imagona pakachitunda itayang'ana kumunsi, kuti m'mawa ingotsetsereka n'kulira yokha osavutitsa batire.

Galimoto ikabwera, a Miti amayamba ayiyang'ana utsi. Wakuda, amati manozo opopera dizilo mu injini atopa kapena sefa ya mpweya yadya fumbi la kuminda. Woyera m'mawa, amati mahita otenthetsa injini afa, kapena mwini wake wagula dizilo wa m'zigubu kumalire a dziko ku Mwami, wothira palafini ndi madzi. Mwini wake amakana. A Miti satsutsa. Amamasula sefa, amakhuthulira dizilo m'botolo, n'kuliika padzuwa mpaka madzi atakhazikika pansi, ndipo awiriwo amaliyang'ana botololo ngati akuyang'ana mwana wa munthu wina. Amakanika achinyamata a m'tauni anapita kale ku magalimoto olumikiza ku kompyuta. Mapikapu a a Miti alibe polumikizira, ndipo eni ake ambiri ndi amsinkhu wawo. Chaka chilichonse amachepa, ena eni ake, ena mapikapuwo.

Pali ntchito imodzi imene munthu saichita bwino ali yekha. Ukasintha kanthu pa mabuleki, mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo ukaponda zimamveka ngati waponda papaya lakupsa. Kuti mpweyawo utuluke, wina amakhala pampando wa dalaivala, wina amagona pansi ndi sipanala pa kanati kotulutsira mafuta kuseri kwa tayala. Wapansi amati, “Pompani.” Kenako amati, “Gwirani,” n'kumasula kanatiko, mafuta a thovu n'kutuluka, n'kumanganso. Pomaliza amati, “Siyani.” Wapamwamba akasiya asanauzidwe, mpweya umabwerera ndipo ntchito imayambiranso.

Wapamwamba anali mkazi wawo, Lenia. Sanayendetsepo galimoto, ndipo miyendo yake inali yaifupi moti ankaika mtsamiro kumsana. Ankakwera ndi lichero la nshawa pamiyendo, manja akusenda, phazi likugwira ntchito. Sanasiyepo buleki asanauzidwe. Awiriwa sanali anthu ocheza, ndipo oyandikana nawo ankadziwa kuti banja lili bwino akamva “Pompani” kuseri kwa nyumba.

Lenia anamwalira chaka chatha, ndipo anakamuika kwawo ku Kasenengwa, pakati pa abale ake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Cynthia, ndi namwino ku Kitwe. Amaimba foni Lamlungu, amafunsa ngati mankhwala a BP akumwa, kenako wodwala amamuitana.

Mwambo wa kwawo kwa Lenia umati maliro akazizira, abale a malemu amamusudzula wamasiye: amamukhazika pansi, amamupaka ufa pamphumi, n'kumuuza kuti alibe naye mlandu, apite, akafuna kukwatira akwatire. Anthu ambiri amauyembekezera mwambowu, ena mpaka kutumiza munthu wokakumbutsa. A Emmanuel Soko, mlongo wake wa Lenia, amene ndi wapampando wa kopaletivu ya m'mudzimo ndipo amakonda zinthu kuyenda mwa dongosolo, anawaitana a Miti kangapo. Nthawi iliyonse pikapu inkapezeka yawonongeka. Koyamba inali pampu ya dizilo. Kenako kilachi. Kenako manozo anali atapita ku Lusaka kukayezedwa. Masiku ena onse pikapuyo inkafika ku Kasenengwa bwinobwino.

Chifukwa chake n'chosavuta. Kumudzi kwa a Miti kunatha kale. Makolo anapita, ndipo munda adzukulu anagulitsa. Ku Kasenengwa iwo ndi mkamwini. Amawatuma. Chigayo chikayamba kutsokomola amawaimbira, thonje likakwana amawaimbira, wodwala akafunika kuchipatala amawaimbira, ndipo akafika dzuwa litakwera alamu awo aakazi amawakalipira pamaso pa ana. Kulibe kwina padziko kumene munthu amawakalipira a Miti chifukwa chochedwa. Akasudzulidwa, zonsezo zimatha.

Ndiye Cynthia anagula mwala wa pamanda, wakuda, wolemera, ndipo tsiku loukhazika linagwirizanidwa ndi akatekisiti. Apa panalibe kuwonongeka kwa galimoto. A Miti anaimbira foni a Emmanuel.

“Alamu, pa pulogalamu pali chiyani?”

“Mwala, alamu. Pemphero, mwala, chakudya.”

“Basi?”

“Basi. Mubwere ndi simenti, ndipo musachedwe.”

Mwala utakwezedwa pa pikapu, dzulo la ulendo, a Miti anaona tayala lakumbuyo lanyowa mkati. Silinda ya buleki inkadontha. Pikapu imene ankaiipitsira mbiri chaka chonse inali itaganiza zowonongeka zenizeni. Anasintha silindayo asanadye za masana, n'kutsala ndi mpweya.

Chimwalirire Lenia ankagwiritsa ntchito thabwa. Amapompa okha, amatsamiritsa thabwa pakati pa buleki ndi mpando, amatsika, amakwawira pansi, amamasula, amamanga, amatuluka, amakweranso. Mawondo awo sagwirizana nayo njirayi, ndipo thabwa limagwa likafuna. Pa galimoto yopanda katundu munthu ungapirire buleki yofewa pang'ono. Koma njira ya kwa Lenia imatsetserekera kumtsinje, ndipo kumbuyo kunali mwala.

Tsidya la mpanda kumakhala Mayi Zaitun, amasiye, Asilamu, amene amagulitsa zitenje zoolotsa pa Mwami. Anali akuyanika zovala.

“Bambo Miti, kuyambira m'mawa mukungozungulira galimoto ngati nkhuku yofuna poikira.”

“Thabwa likugwira ntchito, mayi.”

“Likugwa. Ndikulimva ndili kukhitchini. Bwanji osaitana munthu?”

“Amuna a masiku ano amaponda ngati akupha njoka. Foni ikalira, asiya.”

Mayi Zaitun anazungulira mpanda, n'kuvula mapatapata pakhomo la galimoto ngati akulowa m'nyumba ya eni.

“Ine ngakhale njinga sindinaipalasepo. Koma mawu anu aja ndawamva pampandapa zaka zonsezi, ndikhoza kuwaimba. Lowani pansi.”

A Miti anayang'ana kumsewu, anayang'ana mwala, kenako analowa pansi.

“Pompani,” anatero.

“Mukulankhula ndi tayala kapena ndi ine? Sindikumva.”

“Pompani,” anatero mokweza, ndipo liwulo linawoloka mipanda ingapo. “Gwirani.”

Phazilo linagwira. Mafuta anatuluka ndi thovu, kenako thovu linachepa. Anali pa tayala lomaliza pamene anaona miyendo ya munthu itaima pafupi ndi mutu wawo. Anali Vailet, mwana wa a Emmanuel, amene amagulitsa tomato pamsika wa Kapata.

“Mwaswera bwanji, ankolo? Ndimati ndikuuzeni kuti ine nditsogola lero, kukathandiza zophika.” Kenako anatembenukira pawindo, n'kupinda mawondo. “Mwaswera bwanji, amayi?”

“Ndaswera, mwanangu. Ndisiye, Bambo Miti?”

“Musasiye.”

Ulemu wa Vailet tsiku limenelo unaposa wa masiku onse. Anatsanzika kawiri, akuomba m'manja. A Miti anamanga kanati, anati, “Siyani,” ndipo buleki inali yolimba ngati mwala womwewo.

M'mawa mwake, atangotuluka m'tauni, anapeza migolo pamsewu ndi bambo wa yunifolomu atakweza dzanja. Bamboyo anayesa mawaipa, ngakhale mvula inali isanaganize n'komwe zobwera, anapempha kuona matirayango ochenjezera pamsewu, kenako anavundukula bulangete lofunditsira mwala kumbuyo.

“Katunduyu ndi wa ndani, mdala?”

“Dzina lalembedwa pomwepo, bwana.”

Bamboyo anawerenga, milomo ikuyenda. “Mwini wake ali kuti?”

“N'kumene ndikupita.”

Anaganiza pang'ono, ngati akufufuza m'mutu lamulo logwira nkhani yotere. Atalisowa anafunditsanso mwalawo, bwino kuposa mmene anaupezera, n'kuwakodola kuti apite. Za mabuleki sanafunse.

Potsetserekera kumtsinje mabuleki anagwira. A Miti anafika dzuwa litakwera, koma palibe amene anawakalipira. Jesca, mng'ono wake wa Lenia, amene kawirikawiri amawalandira ndi funso loti anagona m'njira, anawalandira ndi manja awiri. A Miti anaganiza kuti mwina ndi chifukwa cha tsikulo. Anakanya simenti ndi amuna anzawo, anayeza mwala ndi levulo yawo ya kugalaja kuti usapendekeke, akatekisiti anapemphera, amayi anaimba. Cynthia anaonera zonse pa foni ya Vailet, ali m'khonde la chipatala.

Atadya, a Emmanuel anawaitanira pansi pa mtengo. Abale anali atakhala kale mozungulira, ndipo pakati panali mpando wapulasitiki wopanda munthu. A Miti m'mudzimo ankakhala pa chitsa kapena pa tayala.

“Alamu, munati pemphero, mwala, chakudya.”

“Pulogalamu iliyonse imakhala ndi zina ndi zina kumapeto, alamu. Takhalani.”

Anakhala.

“Tamva,” anatero a Emmanuel, “ndipo palibe amene wakwiya. Olakwa ndife, kumusunga munthu chaka chonse ali womangika. Ife timati galimoto ikuvuta. Sitinadziwe kuti ndi manyazi. Munthu ngati inu simukanabwera kudzatiyang'ana m'maso.”

“Mayi aja amangondipondera buleki.”

Anthu anaseka chapansipansi, mokoma mtima.

“Tikudziwa, alamu. Mlongo wanganso munamupeza akuchokera kuchitsime, munati akupondereni buleki kanthawi kochepa chabe. Ndowa anaisiya pamsewu. Amene ndinakaitenga ndine.”

“Ndi aneba. Ndi Asilamu, ali ndi moyo wawo. Palibe nkhani.”

“Za chipembedzo mukambirana awiri. Ife sitilowerera.”

Mwambowu uli ndi mawu omasulira munthu, koma ulibe mawu oti munthu akanire kumasulidwa. Amene anaukonza sanaganize kuti wina adzawafuna. A Miti anaona nkhope zonse zikuwafunira zabwino. Jesca anabwera ndi kambale ka ufa, anagwada, anawapaka pamphumi ndi chala chachikulu. Misozi inali m'masaya mwake.

“Alamu, munatisungira m'bale wathu mpaka tsiku lake. Tilibe nanu mlandu. Muyende bwino.”

Onse anaomba m'manja, ndipo a Emmanuel anayang'ana wotchi, okhutira kuti msonkhano watha pa nthawi yake.

A Emmanuel akuwaperekeza ku galimoto, a Miti anati, “Chigayo chija chikufunika kusintha oyilo mwezi uno. Sefa ndagula kale.”

“Musavutike nazo, alamu. Tipeza munthu. Takugwiritsani ntchito mokwanira. Tsopano mukabwera muzibwera ngati mlendo, mutumize uthenga, tikuphereni nkhuku.”

“Nanga matumba a nshawa opita kutauni?”

“Apita pa lole ya kopaletivu Lachitatu. Inu kapumeni.”

A Miti anatulutsa sefa ya oyilo pansi pa mpando, ikadali m'kabokosi kake, n'kuwapatsa a Emmanuel.

“Amene mumupezeyo mumuuze apake oyilo pa labala asanamange. Ndipo amange ndi dzanja, osati sipanala.”

“Ndimuuza.”

Amuna anakankha pikapu mpaka inalira, n'kubwerera pansi pa mtengo pamene mowa unali utafika. Pikapu yotere inapangidwira katundu. Ikakhala yopanda kanthu, masipuling'i akumbuyo amalimba ndipo imadumpha pa kabampu kalikonse. Kuchokera kumtsinje mpaka pa tala inkadumpha choncho, bulangete lokha likugudubuzika kumbuyo. A Miti anayendetsa pang'onopang'ono, akuyang'ana m'mbali mwa msewu ngati pali munthu wa thumba wofuna kukwera. Linali Loweruka madzulo, ndipo aliyense anali atafika kale kumene amapita.