Ndege Yosiya Kudontha

Kubwalo la ndege za asilikali ankawatchula kuti a Sipanala. Moyo wawo wonse anakonza ndege imodzi, yonyamula katundu, mpaka kukalamba nayo limodzi. Koma kukwera sanaikwerepo. "Ine ndi wapansi," ankatero. "Makwerero okha amandichititsa chizungulire, nanji mitambo?"

Ndegeyo inkadontha oyilo moti pansi pa injini sipankachoka beseni. A Sipanala ankaitukwana m'mawa uliwonse, koma amakaniko anzawo akadandaula, ankaiikira kumbuyo. "Ikamadontha ndiye kuti oyilo alimo. Tsiku mudzapeze pansi pouma, mudzathamange." Kunyumba akazi awo ankachapa maovololo mpaka zala kusupuka. "Mkazi mnzanga uja wakukodzeraninso lero?" ankafunsa.

A Sipanala ndi ndegeyo anawapumitsa ntchito m'mwezi umodzimodzi. Ndege anaikokera kunyumba yoonetsera zinthu zakale. A Sipanala anakathera pakhonde, zikhadabo zoyera ngati za abusa, foni ili pabondo. Sabata siitha asanandiitane, ankadziuza. Ndani winanso akudziwa poika beseni?

Foni sinalire. Atatopa nako kudikira anavala jekete, kasanza m'thumba, n'kunyamuka ndi akazi awo kukaiona.

Anaipeza m'holo, penti ili waliwali, itazunguliridwa ndi chingwe chofiira. Anthu onse maso anali pamapiko. A Sipanala, mwa chizolowezi, anayang'ana pansi. Pouma gwaa!

"Mayo ine, ilibe oyilo!" anakuwa, mwendo uli kale kuseri kwa chingwe. "Wina asailize! Musailize!"

Mlonda anawagwira pamkono mwaulemu. "Madala, iyi sidzaliranso. Oyilo anakhetsa yense isanalowe muno. Tabwererani kuno."

Ana asukulu amene anadzaona ndegeyo anafa nacho chiseko. A Sipanala nawo anaseka uku akuolokanso chingwe. "Taonani sing'anga wofika ndi mankhwala pamaliro," anadzinena okha. Koma kusekako sikunakhalitse. Zinawawawa ndithu. Zaka zonse zija ndegeyo inkawafuna chifukwa cha kudontha komwe ankaitukwanira, ndipo tsopano inali itasiya.

Akazi awo anapisa m'thumba la jekete lija, n'kutulutsa kasanza.

"Pukutani, bambo. Mukudonthetsera eni ake pansi."

A Sipanala anapukuta m'maso, n'kuyang'ana timadontho pasimenti, pafupi ndi nsapato zawo.

"Aa, zisiyeni mayi," anatero. "Ndiye kuti mwa ine oyilo akadalimo."