Nsapato Zachikasu za Amake Harrison

Mukafika ku Mchini n'kufunsa za a Vailet Daka, anthu ayamba ayang'anizana kaye. Koma mungoti amake Harrison, oyambitsa nyimbo aja, basi, aliyense akulozerani nyumba ya kuseri kwa chigayo. Ndi mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, wamfupi, wojintcha, wosachedwa kuyankha munthu akawaputa. Ntchito yawo ndi nsawa. Amakaoda kwa alimi ku Chipangali, kubwera nazo pa lole, kuzisankha, kuzipeta, n'kumagulitsa pachitini ku Saturday Market. Ana anayi anaphunzira ndi nsawa zimenezo, pakuti malipiro a amuna awo, a Ezekiel, omwe anali kalaliki pasukulu, sankauona mwezi kumapeto kwake.

Koma mukanawafunsa eni ake kuti inu ndinu yani, za nsawa sakanatchula. Akanakuuzani za Lachinayi. Tsiku limenelo ankatseka malonda dzuwa lili paliwombo, kukasamba, n'kuvala yunifomu ya Chigwirizano cha amayi: bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera, nsapato zakuda. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, amayi akandanda pamzere, kaya ndi pamaliro, kaya polandira abusa atsopano, amene ankaima kutsogolo n'kuponya mawu oyamba a nyimbo anali iwowo. Kumsika anali mayi wa nsawa ngati anzawo onse. Kutsogolo kwa mzere uja ndi kumene ankadzimva kuti nawonso ndi munthu.

Tsoka silinunkha. Chaka chathachi, mwezi wa Juni, akutsitsa matumba, chitseko chachitsulo chakumbuyo kwa lole chinamasuka n'kugwera phazi lawo lamanzere, phi! Mafupa atatu anathyoka. Anakhala m'chikhakha masabata asanu ndi atatu, ndipo tsiku lochichotsa anangoti kukamwa yasa. Phazi linatuluka la munthu wina: lotambasuka, pamwamba potumphuka, zala zotayana.

"Amayi, nsapato zopana muiwale," anatero adokotala. "Mupeze yotakata kutsogoloku, pansi pake pochindikala koma pofewa, ndiponso ya zingwe, kuti phazi likatupa muzimasula. Mukalikakamiza mudzabweranso kuno."

Kunena n'kosavuta. A Vailet anazungulira ku Down Shops konse ndi ndodo, sitolo ndi sitolo. Nsapato iyi ikalowa kumanzere, kumanja ikukhwepa. Iyo ikakwana kumanja, kumanzere ngakhale zala osalowa. Anayesa nsapato za a Ezekiel, zinkangowavuka panjira. Anayesa patapata, phazi linkafika madzulo litatupa ngati dzungu, msana nawo ukulira. Wosoka nsapato wa pamsika anang'amba nsapato ina m'mbali n'kuikamo chigamba, koma msoko wake unkadya pafupa pomwepo. Anafika poganiza kuti kuyenda kwawo kwathera pomwepa.

Amene anawadzutsa anali a Yosefina Shawa, amake Mercy. Awiriwa anakwatiwa chaka chimodzi, anavala yunifomu tsiku limodzi, ndipo pamzere a Yosefina ankaima kumbuyo kwenikweni kwa a Vailet. Nthawi ya chikhakha ija ndi iwo amene ankabwera m'mawa kudzawasambitsa, kuwachapira, ngakhale kukawakhalira pa nsawa kumsika. A Vailet ankauza aliyense kuti m'bale weniweni si wobadwa naye ayi, ndi uyu.

"Amake Harrison, dzukani," anatero a Yosefina Lolemba lina. "Ku salaula, kokaunjika kuja ku Kapata, akumasula belo la nsapato. Lero sitibwerako chimanjamanja."

Kumeneko kunali chipwirikiti, amayi akulimbirana mulu ngati nkhuku pa madeya. A Vailet anakhala pambali pa benchi. A Yosefina anamanga chitenje m'chiuno, kulowa pakati pa gulu, kukankha uyu, kupepesa uyo, ndipo patapita nthawi anatuluka thukuta lili kamukamu, atanyamula nsapato m'mwamba. Zinali nsapato zothamangira, zansalu, pansi pochindikala, zachikasu choti munthu n'kuziona ali kutsidya kwa msewu.

A Vailet anaseka mpaka misozi. "Koma amake Mercy, mwandiyesa wosewera mpira? Ine mayi wa Chigwirizano ndiponde pansi ndi zimenezi?"

"Tabweretsani phazilo kuno, mwayamba kale kulongolola."

A Yosefina anagwada pafumbi pomwepo, anamasula zingwe mpaka kumapeto, n'kulowetsa phazi lija pang'onopang'ono ngati akugoneka khanda. Atamanga anati, "Taimani." A Vailet anaima. Anaponda kamodzi, kawiri, kudikira ululu uja. Zii. Fupa lotumphuka linapeza malo ake, chidendene chinakhazikika, zala zinatambasuka momwe zifunira.

"Nanga kutchalitchi?" anafunsa a Vailet.

"Mulungu sayang'ana kuphazi, anzanga. Amene alankhule adzalankhule ndi ine."

Tsiku limenelo a Vailet anayenda wapansi kuchoka ku Kapata mpaka ku Mchini, ndodo ili kukhwapa. Atafika anakhala pakhonde n'kulira, kulira kwa chimwemwe, a Ezekiel mpaka anatuluka kudzafunsa ngati kwagwa maliro.

Anayesako kuzidetsa ndi polishi wakuda. Nsalu ija inangomwa polishiyo n'kusanduka mtundu wa matope a m'dambo, kwinaku ikudetsa masokosi. A Yosefina omwewo ndi amene anati, "Chapani, mukungoziwononga. Zisiyeni momwe zilili." Anachapa, chikasu chinabwerera. Malachinayi atatu anapita nazo ku Chigwirizano, kuima pamalo pawo, kuyambitsa nyimbo. Ena ankaseka, ena ankati amake Harrison agula galimoto yatsopano, koma kunali kuseka kwa chibale.

Kenaka kunabwera kalata yokumbutsa kuti ku Kasenengwa kudzakhala msonkhano waukulu wa amayi a mipingo yonse ya m'chigawo. Pamsonkhano wotere mpingo uliwonse umalowa pawokha, pamzere, ukuimba, anzawo onse akuonerera. Lachinayi lotsatira, mapemphero atatha, a Millicent Zulu, apampando, omwe kale anali ahedi a sukulu, anavala magalasi n'kunena kuti pali nkhani ya kavalidwe. Anawerenga lamulo la yunifomu lonse, mpaka pa nsapato zakuda, osayang'ana munthu.

"Ngati nkhaniyi ndi ya phazi langa, nenani poyera," anatero a Vailet. "Wadandaula ndani?"

Anayembekezera kuti aima mmodzi wa atsikana ongovala kumene yunifomu aja. Benchi imene inalira inali yawo yomwe. A Yosefina anaimirira, manja atapinda pamimba mwaulemu.

"Ine ndilankhule mwachikondi, amayi. Amake Harrison ndi mnzanga, nonse mukudziwa. Koma yunifomu ndi yunifomu. Kunoko tazolowerana, nanga ku Kasenengwa? Woyamba kuoneka ndi wakutsogolo. Mipingo ina idzati amayi a ku Mchini atsogoza chiyani? Tidzasekedwa tonse chifukwa cha munthu mmodzi."

Abale inu, pakamwa pomwe paja! Manja omwe aja anamanga zingwe ku Kapata! A Vailet anamva kutentha kuchokera kuphazi mpaka kumutu. Anangoyang'ana mnzawoyo, mnzawoyo akuyang'ana kudenga. Apampando anagamula kuti popanda nsapato zakuda, a Vailet adzayende kumbuyo, pamodzi ndi amayi amene sanavalebe yunifomu.

Kunyumba a Ezekiel anayesa kuwatonthoza. "Amake Harrison, malowo ndi a mpingo, koma phazi ndi lanu. Asiyireni."

"Inu khalani chete! Munaimapo kutsogolo kwa chiyani inu? Zaka makumi awiri ndi ziwiri, lero ndikayende ndi ana a dzulo? Wandipweteka Yosefina. Chikhala mdani, sindikanamva kuwawa chonchi."

Masabata awiri otsala kuti msonkhano ufike, a Vailet anasakasaka zakuda zotakata. Anapeza majombo a alonda, olemera ngati njerwa. Anapeza zina zofewa, koma zonse ziwiri zinali za phazi lamanja. Potsiriza anatulutsa nsapato zawo zakale zachikopa, anazinyika m'madzi, n'kuzifutira nyuzipepala zonyowa masiku atatu kuti zifutukuke. M'mawa wa msonkhano anadzola mafuta phazi lonse, analuma mano, n'kulikankhiramo. Linalowa. Misozi inalengeza, koma linalowa. Zachikasu zija anazisiya pansi pa bedi dala, kuti mtima ungawanyenge panjira.

Ulendo wa ku Kasenengwa unali wa pa lole, choimirira, msewu wa mabampu. Lole inawatsitsa kumsewu, ndipo kukafika pabwalo la msonkhano panali kamtunda. Phazi linali litayamba kale kugunda ngati lili ndi mtima wakewake. Sitepe iliyonse chikopa chinkacheka pafupa paja. A Vailet sanatsimphine. Anayenda chilili, mutu m'mwamba, thukuta likutsikira m'bulauzi, mpaka anakaima kutsogolo kwa mzere pafupi ndi geti.

"Amayi apampando, nsapato zakuda ndi izi," anatero, akuloza pansi.

A Millicent anayang'ana nsapatozo, anayang'ana pepala la ndondomeko limene linali m'manja mwawo, n'kukanda pakhosi. "Mwachita bwino, amake Harrison. Komatu pepalali linatayipidwa kale. Oyambitsa nyimbo alembapo amake Mercy."

"Linatayipidwa liti? Si paja munati ndikapeza zakuda..."

"Maina tinatumiza kalekale, inu mukadali m'chikhakha. Amake Mercy anabwera kunyumba kudzatiuza kuti phazi lanu silidzachira msanga, ndiye anadzipereka. Ife tinkayesa munagwirizana."

Mukadali m'chikhakha! Ndiye kuti m'mawa uliwonse uja a Yosefina ankabwera ndi beseni, kuwapaka sopo kumsana, kuwafunsa kuti mwagona bwanji anzanga, dzina la a Yosefinawo linali litapita kale. Ndiye kuti nkhani ya yunifomu ija inali yongofuna pobisalira, munthu ataona kuti wolumala uja wadzuka. Nanga mu mulu muja ku Kapata, zakuda munalibedi? A Vailet anali pa benchi, sanaone. Mpaka lero sadziwa, ndipo chimenecho ndicho chimawadya koposa.

A Yosefina anafika akukonza duku, n'kuyang'ana pansi. "Mayo ine, amake Harrison! Mwavaliranji zimenezi? Mufuna kuliphanso phazili? Zanu zija mwasiya kuti?"

"Iwe Yosefina," anatero a Vailet, motsitsa, amayi oyandikira okha ndi amene anamva. "Ukanangondipempha. Ndikanakupatsa ndi manja awiri."

A Yosefina anatsegula pakamwa, koma kutsogolo kunali kutaitanidwa kale mpingo wa patsogolo pawo, ndipo a Millicent anayamba kukankha anthu kuti awongole mzere. A Vailet sanapite kumbuyo. Anachoka pamzerepo, tsopano akutsimphina poyera, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi geti. Nsapato inakana kuvuka. Mayi wina wa ku Chipangali, amene ankasenda tomato kophikira, anabwera ndi mpeni n'kuidula kuyambira pamwamba. Sokosi inali itamatirira ndi magazi, phazi litada bii.

"Koma amayi, munthu wamkulu ngati inu, kudzizunza chonchi chifukwa chiyani?" anafunsa mayiyo.

A Vailet anamva dzina la mpingo wawo likuitanidwa pa chimkuzamawu. Mzere unanyamuka, mabulauzi ali mbee, mapazi akugunda pamodzi. A Yosefina anakweza mutu n'kuponya nyimbo, koma kaya ndi mantha, kaya ndi chimwemwe, anaiponya pamwamba kwambiri. Amayi anayesa kuitsatira, mawu anayamba kuthetheka. A mawu apansi anasowa polowera. Mapazi anasokonekera, wina anaponda mnzake, ndipo kumipingo ina kunamveka kuseka kobisa m'manja.

Apo mitu yonse inatembenukira kumtengo wa mango. A Millicent anakodola ndi pepala lija. Ngakhale a Yosefina anacheuka, maso ali tong'o, akupempha. Inali ntchito ya mpweya umodzi: kungoilanda nyimboyo, kuitsitsa pamalo pake, amayi makumi anayi n'kuigwira. Mawu anali atafika kale pakhosi pa a Vailet, okha, osaitanidwa.

Anawameza. Anawerama n'kuyamba kumatula sokosi pachilonda, pang'onopang'ono, mpaka nyimbo ija inafera pageti.