Chikwama cha zipewa zakuda pamsewu wa ku Shurugwi

Juni akazizira ine ndimadya bwino. Anyamata okumba golide m'mapiri a Shurugwi, makorokoza aja, amafuna zipewa zaubweya zophimba mutu wonse n'kungosiya maso. Chaka chimenecho ndinakapikula zodzaza chikwama ku Gweru, zakuda zokhazokha poti ndizo zinali zotchipa, n'kuwonjezerapo magolovesi, matochi ndi maovololo.

Ndinakwera basi yamasana, ija yokhala ndi kanema kutsogolo. Kondakitala anatiikira filimu ya mbava zothyola banki. Ndinkaonera mosangalala mpaka pamene mkulu wa mbavazo anayala zida zawo patebulo: zipewa zakuda, magolovesi, matochi, maovololo. Ngati anapikula kwa ine.

Mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anali atandiona ndikulongedza pasiteji. Anayang'ana kanema, nayang'ana chikwama changa, kenako n'kusamutsira kachikwama kake mbali ya zenera.

"Achimwene," anatero, napitiriza m'Chishona, "ndiye mukupita kuntchito?"

Ndinaseka.

Titatsala pang'ono kulowa m'tauni, basi inaima. Dalaivala anati apolisi atseka msewu chifukwa m'mawa womwewo anthu obisa nkhope anabera wogula golide. Aliyense atsike ndi katundu wake.

Ine ndinabadwira ku Redcliff, bambo anga, amene anachokera dziko lina, anakalambira pang'anjo ya zitsulo, koma chitupa changa chinkanenabe kuti ndine mlendo m'dziko muno. Ndinkangoti ndikasinthitsa mawa, poti mzere wa kumeneko umadya tsiku lonse la msika. Munthu wa chitupa chotere, ndi chikwama chotere, amagona m'chitokosi mpaka nkhani itayera. Katundu amatsala ngati umboni. Akadzakubwezera mu Okutobala, ndani angagule chipewa chaubweya?

Tinandanda m'mbali mwa msewu. M'basi mopanda anthu filimu inkapitirirabe, mfuti zikulira kudzera m'mazenera. Sajeni wachikulire, wa imvi m'ndevu, anatenga chitupa changa n'kuchiika m'thumba la malaya ake. Anatsegula zipi. Kenako anapisa dzanja m'chipewa chimodzi, zala ziwiri n'kutulukira m'mabowo a maso.

"Imarii?" anafunsa mtengo.

Pakamwa panga sipanandifunse maganizo. Panatchula mtengo umene ndimauza anthu a nsapato zonyezimira.

"Iwe! Mbava zikusakidwazi ndiwe ndithu," anatero sajeni.

"Gwirani ubweyawo, bwana. Uwu si wa ku China wothothoka ayi."

Unali wa ku China. Sajeni anatchula theka. Ndipo ine, mwana wa bambo anga, ndinalanda chipewacho m'manja mwa wapolisi, n'kuchiponya m'chikwama, zipi tseke! Ndi mmene ndimachitira pamsika. Wogula aziona katundu akumuthawa, ndiye amawonjezera.

Nditaweramuka m'pamene ndinakumbukira amene ndikulankhula naye. Wapolisi wina wamfuti anasendera pafupi.

Amene anayankhula anali mayi uja, akumutcha sajeniyo shefu, kutanthauza bwana. "Musiyeni, shefu. Uyu pasiteji wakangana ndi kondakitala mpaka basi kuchedwa, kukana kulipirira chikwama chomwechi. Wothyola banki angakanganire zimenezo?"

Ena anaseka. Sajeni sanaseke. Anatulutsa chitupa chija, nachiwerenga kutsogolo ndi kumbuyo, nandiyang'ana kumaso, nachiwerenganso. Analemba dzina langa m'kabuku kake, ndi malo amene ndimayala malonda, nandibwezera chitupacho.

"Ndikamva kuti chipewa chako chalowa m'nyumba ya munthu, ndikudziwa kokupeza, mudhara," anatero, kunditcha mdala m'Chishona.

Sanagule.

Sabata imeneyo ndinayala pamsika monga mwa masiku onse, koma aliyense wofuna chipewa ndinkayamba ndamufunsa mgodi umene amakumba. Mnyamata wina wa manja osalala, opanda chipsera n'chimodzi chomwe, anafuna zinayi osanenerera n'komwe mtengo. Ndinakhalira chikwama n'kumuuza kuti zatha.