Timasokosi pa Mpanda wa Atelala

Atelala okalamba a kumapeto kwa msewu amadzala nyemba zakutchire, zija zimayanga pampanda n'kuchita maluwa ofiirira. Njere iliyonse amayamba aikanda ndi sizasi, apo ayi simera. Makoko akayamba kuuma, amawaveka timasokosi ta ana awo, omwe anakula n'kupita kutali.

"Khoko likathetheka, njere zimathawa osatsanzika," amatero.

Tsiku lina mayi woyandikana nawo nyumba anaona khoko limodzi losavala.

"Bambo, apa mwaiwala."

Atelala anapukusa mutu, maso ali kumsewu.

"Ndalisiya dala, mayi. Chaka chilichonse ndimasiya limodzi, ndione ngati pa zothawazo ina ingadzamere pakhomo pano."