Agogo a Dumingo ndi mlendo wodzitcha mwana wawo

Fungo la mtovu wosungunuka likandipeza paliponse, ngakhale pamsika wa ku Moatize kumene ndikukhala tsopano, ndimangoona agogo a Dumingo atakhala pachitsa m'mbali mwa msewu wa ku Zobwe, mbaula ya makala ili pakati pa miyendo, chitsulo chowotcherera chitafiira, ndowa zobooka za mudzi wonse zili mbwee pabwalo. Ankamata mapoto ndi kukhoma zidebe, ndipo kuyambira m'mawa nyundo yawo inkalimbana ndi malole okwera chitunda kulowera kumalire komanso ndi wayilesi yakuda, yovekedwa kachidutswa ka nsalu ya kapulana, imene inkakhala pampando wakewake ngati mlendo wolemekezeka. Utsi wa makala unkalowa m'tsitsi, m'zovala, mpaka mumbatata imene ndinkaotcha m'mphepete mwa mbaulayo iwo akayang'ana kumbali.

Agogo anali munthu wa mafunso. Sukulu sanapite nayo patali, koma zaka zimene anakumba malasha ku Moatize nkhondo isanavute, ndi zaka zimene tinathawira ku Malawi, anazitha khutu lili pa wayilesi, ndipo cholowa m'khutu limenelo sichinkatulukanso. Mwana ukati udutse pabwalo ankakulozera nyundo. "Iwe Tereza, phiri lalitali kuposa onse mu Afirika ndi liti? Damu lalikulu la pa Zambezi layandikana ndi tawuni iti? Timbila amaimba ndi anthu a kuti?" Ukakhoza unkalandira mfundo ya nzimbe, ukalephera unkakupiza moto mpaka mkono kulema. Ine ndinadziwa za mapiramidi a ku Iguputo ndisanadziwe kusenza ndowa osataya madzi, ndipo amayi ankati agogo akundilera kuti ndidzakwatiwe ndi wayilesi.

Koma mafunsowo sanali masewera okha. Inali nthawi imene nkhondo inali itangotha, anthu akubwerera kumabwinja awo, ndipo pamodzi ndi eni ake pankabweranso anthu osadziwika bwino. Wina ankati munda uwu unali wa azakhali ake, wina ankati ndi mdzukulu wa malemu uje. Kutsidya kwa msewu banja lina linalandira mnyamata wodzitcha mphwawo, linamudyetsa mpaka kunenepa, kenaka anasowa pamodzi ndi njinga. Agogo nkhani imeneyi ankaikonda kuposa nyimbo. Wogula chidebe ankamufunsa mtsinje wa kwawo, wopempha madzi ankamufunsa dzina lakale la msika. "Aliyense atha kulira pakhomo pako," ankatero. "Ine ndimayamba ndafunsa."

Tsiku lina masana, dzuwa la m'chilimwe likuswa mutu, lole yochokera ku Moatize inatsitsa munthu wamtali, wowonda, atanyamula kathumba ka pulasitiki ndi khasu lopanda mpini. Anaima kaye pamsewu kuyang'ana nyumba, kenaka anabwera n'kugwada patali pang'ono ndi mbaula.

"Bambo," anatero, "ndine Luwisi."

Dzina limeneli pakhomo pathu aliyense ankalidziwa. Luwisi anali mlongo wa amayi, mzime wa agogo, amene anasowa ali mwana tsiku limene asilikali analowa m'mudzi. Agogo aakazi anali atatsogola kale kuthawa ndi amayi anzawo, ndipo mwanayo anatsala ndi bambo ake. Malinga ndi agogo, ali m'njira yothawa, Luwisi anawapulumuka m'manja n'kuthamangira mbuzi zake, ngakhale anamukuwira kuti abwerere. Tonse tinakula ndi nkhani imeneyi. Ukachita mwano ankakuuza kuti udzasowa ngati Luwisi, mwana wosamva.

Amayi anatuluka m'khitchini manja ali ufa. Anamuyang'ana munthuyo makutu, anamuyang'ana zala za kumapazi, anayamba kulira, kenaka anasiya pakati. Iwo anakwatiwa n'kuchoka pakhomo Luwisi akadali wamng'ono, ndipo munthu amene akanamuzindikira ngakhale ndi msana, agogo aakazi, tinawasiya m'manda ku Malawi. Agogo sanadzuke pachitsa. Anamaliza kaye kumata poto amene anali m'manja.

"Musafulumire kunditchula bambo," anatero. "Mugona kukhitchini. Lamulungu tikachoka ku misa ndidzakufunsani zimene ndinkamuphunzitsa mwana wanga. Mukakhoza, dimba la amayi ake ndi lanu, ndipo ana awa ndi mbumba yanu. Mukalephera, magalimoto a ku Moatize sasowa pamsewupa."

Madzulo ake anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti maso anga asachoke pa mlendoyo. Ntchito imeneyi ndinaigwira ndi mtima wonse, chifukwa inenso sindinkamufuna. Munthu wanji wosaseka, wodya mothamanga msana utatsamira khoma? Ndinakanena kwa agogo kuti polankhula amasakaniza Chinyungwe. Ndinanena kuti popita kuchitsime saponda pambali pa njira ngakhale phazi limodzi, kuti lole ikaphulitsa utsi amagwa chogwada, kuti amaima nthawi yaitali kuyang'ana dimba lija manja ali kumbuyo. Agogo ankangogwedeza mutu ngati zonsezo ankazidziwa kale. Chinthu chimodzi chokha sanakondwe nacho. Nditawauza kuti mlendoyo akamadutsa pabwalo amayang'anitsitsa wayilesi, anasiya kukhoma, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankailowetsa m'nyumba akamapita kulikonse. Ine ndinati basi, wakuba tamugwira.

Lamulungu anthu anachoka ku tchalitchi n'kudzadza pabwalo pathu, ena atabwera ndi mipando yawo. Agogo anavala jekete, anakhala pachitsa chawo, wayilesi ili pambali yozimitsa. Mlendo uja anakhala pamphasa, mawondo m'mwamba.

"Tiyambe ndi zapafupi," anatero agogo. "Likulu la dziko lino lisanapite kummwera linali kuti?"

Munthuyo anayang'ana pansi. "Sindikumbuka."

"Phiri lalitali mu Afirika?"

"Sindikumbuka."

Ine pakhosi pankandiyabwa, Kilimanjaro ili pamilomo. Agogo anafunsa za mathithi aakulu a pa Zambezi, anafunsa dziko limene kumachokera rumba, anafunsa kusiyana kwa valimba ndi bangwe. Anaimba ndi mluzu kanyimbo kamene ankati kankamveka pa wayilesi tsiku lililonse Luwisi ali mwana, n'kufunsa kuti mawu ake oyamba amati chiyani. Munthuyo ankangopukusa mutu, thukuta likutsika m'khosi. Anthu anayamba kunong'onezana, ndipo mayi wa banja lija loberedwa njinga anaseka mokweza kuti aliyense amve.

"Nanga mlatho wautali wa njanji wodutsa Zambezi uli kuti?"

"Ku Mutarara," anayankha msanga. "Ndinauona utaduka."

Limeneli anakhoza, koma linamuipitsira zinthu. Aliyense ankadziwa kuti mlathowo unaduka pa nkhondo, ndipo aliyense anayamba kudzifunsa kuti munthuyu ankatani kumeneko, ali ndi ndani, atanyamula chiyani. Bambo wina anakoka mwana wake kumuchotsa pafupi ndi mphasa.

Amayi ndi amene analankhula. "Bambo, mwana anachoka wamng'ono. Kutchire kumene anali kunalibe womufunsa za mapiri."

"Wanga uja ankadziwa zonsezi asanayambe ndi sukulu yomwe," anatero agogo osawayang'ana. "Zoterezi siziiwalika. Achimwene, mwadya zathu, sitikulipiritsani. Mawa mukwere galimoto."

Ndinamva kukoma, sindinama. Ndinkaona ngati tapambana ine ndi agogo. Anthu anayamba kunyamula mipando, koma mlendoyo sanadzuke. Anapukuta nkhope ndi malaya n'kulankhula motsitsa, moti akumbuyo anachita kubwerera kuti amve.

"Mwafunsa anu, ndalephera. Inenso ndili nalo limodzi, ndikafunsa ndinyamuka." Analoza pampando paja. "Tsiku lija tinali titafika kale kumtsinje, wayilesi iyi ili m'khwapa mwanu. Munandibweza kunyumba. Munandituma chiyani?"

Agogo anali munthu woyankha funso lisanathe. Wofunsa wa pa wayilesi ankamudula pakamwa, wansembe ankamukonza chaka. Tsiku limenelo sizinatero. Anayang'ana nyundo, anayang'ana kumsewu, anakonza kolala ya jekete imene inali yokonzeka kale. Ndinkayembekeza kuti aseka n'kunena kuti ndi bodza, ndipo ndikukhulupirira kuti akanatero pabwalo ponse pakanawavomereza, chifukwa panalibe mboni ina.

"Mapilya," anatero potsiriza. Ndi mmene ankatchulira mabatire.

"Anali m'chitini pamwamba pa khoma," anatero munthu uja. "Munati thamanga, ndikudikira pompano."

"Ndinadikira," anatero agogo. "Ndinadikira mpaka mfuti zinayamba kulira kumudzi. Luwisi, ndinadikira."

Amayi anakhala pansi pomwe anaimapo, pafumbi, ndi chitenje chawo cha ku misa. Sanakuwe. Anangofunsa ngati munthu wofunsa njira. "Nanga mbuzi zija, bambo? Amayi anafa akumudandaula mwana chifukwa cha mbuzi."

Funso limenelo silinayankhidwe, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anthu anabalalika mwakachetechete, wina aliyense atanyamula mpando wake. Ine ndinatsala nditaima pafupi ndi nkhokwe, ndipo ndinachita mantha ndi agogo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Ndinayamba kuona kuti mwina anamuzindikira pomwe ankatsika lole, ndipo sabata yonse ija, pamene ine ndinkazonda wakuba, iwo ankasankha mafunso oti mwana wokulira kutchire asathe kuyankha.

Amalume a Luwisi analima dimba la amayi awo chaka chimenecho. Anatuluka m'khitchini n'kumanga kanyumba kawo chakumunsi, kutali ndi phokoso la nyundo. Ankabwera kudzadya, ankawatemera agogo nkhuni, agogo atadwala ndi iwo anawabereka kupita nawo pamsewu kukadikira galimoto ya kuchipatala. Koma sindinawaonepo awiriwo atakhala pansi n'kucheza. Agogo anapitiriza kufunsa ana a mudzi wonse za mapiri ndi milatho, kungoti amalume akatulukira ankasiyira funso pakati n'kuyamba kukupiza moto okha. Ine nzimbe zawo ndinkalandirabe, chifukwa ndinali mwana ndipo ndinkawakonda, ndipo mpaka lero ndimawakonda ngakhale zimandivuta kufotokoza.

Zimene anandiphunzitsa zinandithandiza. Kusukulu aphunzitsi, amene tinkawatcha aprofesori, ankandidalira pa za mbiri ndi za malo, ndipo ana anga amadziwa kuti pa mafunso a pa wayilesi kapena pa kanema mayi awo sapikisana nawo. Ndinatengeranso kukayikira kwawo, koma kwanga kunatembenuka. Ndikaona munthu akupanikiza mnzake ndi mafunso, kaya ku ofesi kaya pamaliro, ine maso amakhala pa wofunsayo, kufuna kudziwa chimene iye akuopa kufunsidwa.

Agogo atamwalira, amalume anasamukira kuno ku Moatize, ndipo amakhala chakufupi ndi Chipanga, kumene fumbi la malasha limadetsa zovala zili pachingwe. Ndi okalamba tsopano, akadali osalankhulalankhula. Ndinakhala zaka zambiri ndi funso langa osalimba mtima, mpaka tsiku lina ndikuwathandiza kusenda chinangwa pakhonde ndinangolitulutsa. Ndinawafunsa ngati anafika kunyumba tsiku lija, ngati mabatirewo anawapeza.

Anapitiriza kusenda mpaka chinangwa chinayera.

"Ndinawapeza," anatero. "Asilikali anandigwira mabatirewo ali m'thumba la kabudula. Ndinawabisa nthawi yaitali, mpaka anayamba kutuluka madzi n'kunditentha ntchafu. Ndinkaopa kuwataya, Tereza. Ndinkati bambo akuwadikira kumtsinje."